Mphutsi za Mlamu Wanga

Mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, atamaliza ku yunivesite anabwera kudzakhala nafe ku Kitwe. Anati akhala pang'ono chabe, ntchito ikapezeka achoka. Ntchitoyo sinapezeke.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Nkana West, koma musaganize kuti tinali anthu a mageti ndi agalu. Tinkachita lendi kanyumba ka kuseri, kaja ankagonamo antchito a m'nyumba kalekale, ka zipinda ziwiri ndi bafa lakunja. Nyumba yaikulu ya kutsogolo inali ya amayi ena amasiye, amene amuna awo anali kapitawo ku mgodi. Ine ndinkalandira alendo pa ofesi ina m'tauni, amuna anga ankagulitsa m'sitolo ya zomangira. Mlamu ankagona pa sofa miyendo ili lende, digiri yake titaisunga pansi pa matiresi athu kuopa chinyezi.

Sindinkadana naye ayi. Anali munthu wofatsa, wotsuka mbale yake akadya, ndipo tinkaseka bwino monga amachitira munthu ndi mlamu wake. Zinthu zinayamba kusintha pamene anapita ku Ndola, ku maphunziro a pa hotela ina ophunzitsa achinyamata kuyambitsa makampani awoawo. Anapita atabwereka shati ya mkulu wake. Anabwerako ndi kachikwama ka nsalu, botolo la madzi ndi chilankhulo chatsopano.

Anandipeza ndikusesa pakhomo.

"Alamu," anatero, "mukudziwa kuti padziko pano palibe chinthu chotchedwa chinyalala?"

"Nanga izi ndawola apazi n'chiyani?"

"Chimenecho ndi chuma, kungoti chili pamalo olakwika."

"Chabwino, nyamula chuma chakocho ukachiike pamalo oyenera, kudzala uko."

Sanaseke. Anakhala pa khonde n'kuyamba kundiphunzitsa. Anati dziko likupita ku chuma chozungulira: chinthu chikatha ntchito sichitayidwa, chimabwerera kukakhala chiyambi cha china. Anati makampani akuluakulu ndi njovu zokalamba, sangatembenuke, koma timakampani ta achinyamata, timene ankatitcha masitatapu, ndi timene tidzasinthe zonse.

Ndinamuyang'ana, tsache lili m'manja. Ine ndinakulira ku Twapia, komboni ya ku Ndola, m'banja la anthu ochokera kummawa, kwa olankhula Chinyanja. Amayi anga ankachapa timapepala tapulasitiki ta shuga n'kutiyanika pa waya ngati matewera. Chigubu cha mafuta ophikira chinkatunga madzi mpaka kubooka, chikabooka ankabzalamo tsabola. Shati ya atate inkatsikira kwa mchimwene wanga, kuchoka apo inkakhala pilo, pomaliza chikolopa. Palibe anatiitanira ku hotela. Zimenezo tinkazitcha umphawi, ndipo ine ndinalimbikira sukulu n'cholinga choti ndizithawe. Lero mwana wa digiri akudzandiuza kuti ndinathawa tsogolo la dziko.

Patangopita masiku ochepa anabwera ndi mnzake amene anakumana naye ku maphunziroko. Ameneyu anali mwana wa ku Kansenshi, kumayadi a ku Ndola, atate ake akuluakulu ena a m'boma, ndipo anafika pa galimoto yawo. Ankavala jekete masiku onse, ngakhale dzuwa la Okutobala lija losungunula phula pamsewu. Kwa amayi eni nyumba ankalankhula Chibemba chaulemu, pa foni Chizungu, kwa ine Chinyanja chothyokathyoka chimene ankachiyamba ndi "Anti" n'kuchimaliza ndi kumwetulira. Mano anali nawo abwino, zimenezo sindingakane.

Awiriwa anayambitsa kampani. Wajekete anali mkulu woona za masomphenya, mlamu wanga mkulu woona za kayendetsedwe ka ntchito. Wantchito panalibe, onse anali akuluakulu. Makadi a maudindo awo anasindikizidwa katundu wa kampaniyo asanabadwe.

Ndati asanabadwe chifukwa katunduyo anali mphutsi. Pali ntchentche ina yakuda, yaitali ngati mavu, imene akuti siitera pa chakudya cha anthu. Imaikira mazira pa zinthu zowola, mphutsi zake zimadya zowolazo n'kunenepa, ndiye umazigulitsa kwa oweta nkhuku, zotsalira zake n'kukhala manyowa. Kunena zoona, nzeru inalipo. Msika waukulu wa m'tauni umataya kabichi ndi matimati owola tsiku lililonse, ndipo chakudya cha nkhuku chimadula. Chimene chinkasowa anali malo, ndipo maso awo anagwera pa khola lakale la nkhuku limene linali kuseri kwa kanyumba kathu, pafupi ndi zenera la kuchipinda kwanga.

Wajekete anapita yekha kukalankhula ndi amayi eni nyumba. Ine ndinali komweko ndikuwathandiza kusita makatani, choncho ndinamva zonse. Anatsegula laputopu pa tebulo lawo lagalasi n'kuwaonetsa mivi yobiriwira yothamangitsana mozungulira. Analankhula za dziko, za ana a ana athu, za Mulungu amene anatiika kukhala adindo a chilengedwe. Mawu akuti mphutsi sanatuluke m'kamwa mwake ngakhale kamodzi. Ankati puloteni.

"Ndipo amayi," anatero akutseka laputopu, "kampani iliyonse imafuna munthu wamkulu wanzeru. Tikupempha kuti mukhale wapampando wa bodi yathu."

Amayi aja anali kale wapampando wa azimayi ku tchalitchi chawo cha Pentekoste, wapampando wa chilimba chosonkherana ndalama, wapampando wa komiti ya maliro. Mpando sankaukana. Anapereka kiyi wa khola tsiku lomwelo, akuganiza kuti anyamatawo azipanga zinthu ngati soya.

Katundu woyamba wa zowola anabwera m'buti ya galimoto ya ku Kansenshi. Unali ulendo woyamba ndi womaliza, chifukwa fungo linakana kuchoka m'galimotomo ndipo atate ake a wajekete analanda makiyi. Kuyambira pamenepo mkulu woona za kayendetsedwe ka ntchito ankakankha yekha wilibala kuchokera ku msika, kudutsa m'misewu ya mitengo ya Nkana West, madzi a kabichi akudontha m'mbuyo mwake. Mkulu woona za masomphenya ankabwera masana, kuima pakhomo la khola atatseka mphuno ndi kampango, kujambula, n'kupita.

Mlamu anagwira ntchito, zimenezo ndimuchitira umboni. Anadula madiramu pakati, anadzaza mabeseni, anasoka maneti a udzudzu kuti ntchentche zake ziziswana m'menemo. Koma ntchentche zina zija, zobiriwira za kuchimbudzi, palibe anaziuza kuti kampaniyo si yawo. Zinabwera ndi abale awo onse. Fungo linalowa m'makatani, m'buledi, m'tsitsi. Zovala ndikazichapa n'kuziyanika, zinkauma zikununkha kuposa mmene zinalili zisanachapidwe. Ku ofesi mnzanga wina anandikokera pambali n'kundifunsa mwachikondi ngati kunyumba kwathu kwafa khoswe m'denga.

Ndinadandaula kwa amuna anga. Iwo ndi munthu wa mawu ochepa.

"Mulekeni mwana ayese," anatero. "Mukufuna azikhala ku bala ngati anzake?"

"Ku bala akanabwerako akununkha yekha. Apa tikununkha tonse."

Aneba nawo anayamba kung'ung'udza, koma anthu a ku Nkana West sakuwa pa mpanda ngati ife a ku Twapia. Amalemberana pa gulu la pafoni, mwaulemu, m'Chizungu. Amayi eni nyumba ankawayankha kuti ndi kampani yolembetsedwa ndipo iwo ndi wapampando. Mawindo awo onse anali otseka, ndipo ankapopera mafuta onunkhira m'nyumba m'mawa ndi madzulo, koma mpando sanautule.

Kenako tinaphunzira chinthu china chimene pa laputopu panalibe. Mphutsi zimenezi zikakhwima zimada, zimasiya kudya, n'kuyamba ulendo wofuna malo ouma. Zinkalowa pansi pa chitseko chathu. Ndinazipeza m'nsapato zanga za ku ntchito, m'thumba la ufa, m'thumba la jekete ya amuna anga ya ku tchalitchi. Mlamu ankabwera ndi kachitini n'kuzitola imodziimodzi mosamala, akupepesa, sindikudziwa ngati ankapepesa ine kapena izo.

Loweruka lina wajekete anafika m'mamawa atanyamula majombo atsopano ndi ovololo yobiriwira.

"Anti, pali mpikisano ku Lusaka wa makampani osamala chilengedwe. Tikufuna chithunzi cha mayi. Oweruza amakonda kuona azimayi."

"Mayi wotani?"

"Mayi amene moyo wake wasintha chifukwa cha kampani yathu."

"Wanga wasinthadi," ndinatero. "Kale ndinkatsegula zenera."

Anaseka ngati ndanena nthabwala, n'kunditambasulira majombowo. Ndinamuuza kuti ine ndili ndi ntchito yanga, ndili ndi satifiketi yanga, ndipo ngati akufuna mayi wovala majombo akafunse amayi ake ku Kansenshi. Anati wamva, palibe vuto. Ndinabwerera ku zochapa zanga. Ndinali nditamanga chitenje chakale ndi duku, mapazi ali m'mapatapata, monga amakhalira mayi aliyense Loweruka. Nditasenda mbatata ndinatenga makoko kukawataya m'diramu la mlamu, poti tinazolowera kutero. Sindinaone kuti foni yandiloza.

Sabata isanathe, amayi anga anandiimbira kuchokera ku Twapia. Mawu awo anali ngati a munthu wochokera kumaliro.

"Mwana wanga, akuchotsa ntchito osandiuza?"

"Ndani wanena zimenezo, amayi?"

"Mlongo wina wa kumpingo wandionetsa pa foni. Uli pa chithunzi ukudyetsa mphutsi. Ngati zavuta bwera kunyumba, ufa ulipo. Usadzichititse manyazi kwa eni dziko."

Chithunzicho ndinachiona ku ofesi, pa foni ya dalaivala wathu, anthu atamuzungulira. Ndinali ine, nditawerama pa diramu, nkhope itakwinyika chifukwa cha fungo, ngati munthu woganizira mavuto a moyo. Pansi pake analemba kuti uyu ndi mayi wochokera ku Twapia amene analibe chochita, koma lero akudyetsa banja lake. Kuyambira tsiku limenelo alonda a pa geti ankandipatsa moni wakuti, "Mwauka bwanji amayi a puloteni?"

Madzulo ake ndinamudikirira wajekete pakhomo la khola. Ndinalankhula zambiri, zina m'Chinyanja, zina m'Chibemba kuti zimulowe bwino. Anandimvetsera mutu uli pambali ngati dokotala.

"Ndikumvetsa mmene mukumvera, anti," anatero. "Koma dzina lanu sitinatchule. Ndipo dziwani kuti masiku ano anthu sagula katundu, amagula nkhani."

Mlamu anali ataima potero ndi fosholo, maso pansi. Za Twapia anamuuza ndi iyeyo, panalibenso wina. Chithunzicho anyamatawo sanachichotse, ndipo mpikisano uja anapambana. Mphoto yake inali chikho chagalasi chooneka ngati tsamba, ndi kuitanidwa ku misonkhano. Wajekete ndiye anapita kukalandira, poti mlamu sakanasiya mphutsi zopanda chakudya.

Tsopano amayi eni nyumba anali ndi mwana wawo wamkazi womaliza amene ankakwatiwa ndi mnyamata wa banja lina la ku Ndola, anthu a magalimoto. Anaganiza zoti kichini pate, mwambo wa azimayi uja wochitika ukwati usanafike, ichitikire pabwalo la nyumba yawo, kuti apongozi aone kumene mtsikanayo anakulira. Anaitana anyamata aja n'kuwalamula kuti puloteni yonse ichoke tsikulo lisanafike. Wajekete anagwira pamtima n'kulonjeza, kenako anakwera basi kupita ku msonkhano. Mlamu analibe koti n'kupita nazo. Anasiya kubweretsa zowola zatsopano, anavundikira mabeseni ndi masaka, anathira utuchi ponseponse, n'kutchinga khola lonse ndi nsalu yoyera ya anthu obwereketsa tenti. Fungo linachepadi. Amayi aja ananunkhiza mphepo n'kukhutira.

Tsikulo linafika kukutentha kwambiri, mitambo itaunjikana chakumpoto. Tenti inadzaza azimayi a zitenje zofanana, mbali ino akuchikazi, mbali iyo akuchimuna. Mkwatibwi anamulowetsa atamufunditsa chitenje kumutu, n'kumukhazika pa mphasa pakati, miyendo yotambasula, alangizi ake ali pambali. Amene anapitako ku mwambo umenewu akudziwa kuti mtsikana sayenera kugwedezeka, kuseka kapena kudzutsa mutu, ngakhale kumwamba kugwe. Apongozi amakhala akuyang'ana ngati analangidwa bwino. Ine ndinali kumbuyo, m'gulu la ogawa zakumwa.

Ng'oma zitangoyamba, mvula yoyamba ya chaka inagwa, ija ya madontho aakulu yobwera ndi fungo la fumbi. Azimayi analuluta, ati ndi madalitso. Palibe anakumbukira kuti denga la khola linali lobookabooka. Mabeseni anadzaza madzi, ndipo mphutsi zonse, zokhwima ndi zosakhwima zomwe, zinanyamuka kukafuna pouma. Pabwalo lonselo pouma panali pamodzi pokha.

Ndinaziona ndine poyamba. M'mphepete mwa tenti munali mzere wakuda umene ndinkayesa matope, koma matopewo ankayenda. Ndinayika kireti pansi n'kuyamba kuziponda mwakachetechete, ngati ndikuvina. Ndinaponda, ndinaponda, koma zinkabwera ngati anthu otuluka m'bwalo la mpira. Zinadutsa pansi pa mipando, pakati pa zikwama, kulunjika pa mphasa.

Mtsikana uja analangidwadi, ndimulemekeza mpaka lero. Ndinaona zala zake za kumapazi zikupindika, kenako mwendo ukunjenjemera, koma mutu sanadzutse. Pa nthawi yomweyo azakhali ake a mkwati, mayi wamkulu thupi wovala lesi yagolide, ananyamuka akuvina kupita kukamuvundukula. Anafika, anagwada mwaulemu, anagwira nsonga ya chitenje. Kenako anayang'ana pamene anagwadapo.

Kukuwa kwawo kunaposa mvula. Azimayi anakwera pa mipando, mipando ya pulasitiki n'kumathyoka, ena anathawira kunja kumvula atanyamula nsapato m'manja. Oimba ng'oma, amene anali chakumbali, anayesa kuti gule wafika pokoma, anawonjezera moto. Mkwatibwi ataona kuti alangizi ake omwe ali pamwamba pa tebulo la mphatso, anataya chitenje n'kuthamangira m'nyumba akudzikutumula.

Apo ndi pamene mlamu anatulukira kuseri kwa nsalu yoyera ija, atanyowa thupi lonse, ndowa ili m'manja. Anagwada pakati pa tenti n'kuyamba kuwola ndi manja.

"Musaope amayi, siziluma!" ankatero. "N'zaukhondo! Chonde musaziponde, ndi puloteni!"

Amayi eni nyumba anaima pakati pa bwalo lawo, duku litapendekeka, penti ya kumaso ikutsika ndi madzi. Anayang'ana ndowa, anayang'ana apongozi awo ali pa mipando, kenako anayang'ana mlamu. Kwa nthawi yoyamba chiyambire kampani, wapampando wa bodi anatchula katundu wake ndi dzina lake lenileni. Anawonjezerapo mawu ena a Chibemba amene sindinkadziwa kuti mtsogoleri wa azimayi a tchalitchi amawadziwa.

Ukwati sunathe, anthu anakambirana ndipo unachitika bwinobwino. Amene tinatha ndife. M'mawa mwake anatiuza kuti tisamuke tonse, mphutsi, mlamu, amuna anga ndi ine amene ndinaziponda mpaka nsapato kutha. Tinakapeza nyumba ku komboni, kutali ndi tauni, kokwera maminibasi awiri. Ine ndi amuna anga tinatha masabata tikulankhulana za mchere ndi makala basi.

Wajekete atabwerako ku msonkhano wake anamva nkhani yonse, n'kugwedeza mutu mwanzeru. Anati kulephera ndi mphunzitsi, ndipo kampani iliyonse yaikulu inayamba yagwapo. Anati nthawi yakwana yoti aliyense atsate masomphenya ake. Chikho chagalasi anatenga ndi iyeyo. Ndimamva kuti nkhani ya kichini pate ija ndi imene amatsegulira nayo akamalankhula m'mahotela, ndipo anthu amaseka mpaka misozi n'kumuwombera m'manja chifukwa cha kulimba mtima kwake, chonsecho tsikulo anali ku Lusaka akudya masamusa.

Mlamu anapakira madiramu ake pa kalole n'kupita kwa bambo wina woweta nkhuku m'mbali mwa msewu wa ku Ndola, amene anamulemba ntchito yomuwetera mphutsi zomwezo. Kumeneko kulibe aneba, kuli tchire ndi mphepo. Ndinapitako kamodzi ndi amuna anga. Tinamupeza atada, ataonda, ali m'kachipinda ka malata, koma nkhuku zinali zonenepa zedi. Za kusintha dziko sanatchule. Anatipatsa nkhuku imodzi yoti tikadye. Amuna anga anaidya yonse m'masiku awiri, ine ndinadyera masamba.

Chaka chathachi abwana athu ku ofesi analengeza kuti kubwera katswiri wodzatiphunzitsa kusamala chilengedwe pa malo a ntchito. Atalowa pakhomo ndinazindikira jekete ndisanaone nkhope. Ananenepa pang'ono, ndevu zometedwa bwino. Anaima pa desiki langa n'kumwetulira.

"Madamu, ngati tinaonanapo penapake?"

"Sindikuganiza choncho, bwana. Khalani apo, ndiwauze kuti mwafika."

Anatiphunzitsa mmawa wonse. Pamapeto pake ofesi inagula kwa iye mabini atatu okongola, lobiriwira la zakudya, labuluu la mapepala, lachikasu la mapulasitiki, ndipo abwana anadula riboni tonse tikuwomba m'manja. Mpaka pano mabiniwo ali pakhonde, moyang'anizana ndi desiki langa, ndipo ukalakwitsa bini abwana amakuitanira mu ofesi. Ine sindilakwitsa. Masamba a tiyi ndimaponya mobiriwira, envelopu mwabuluu, botolo mwachikasu. Tikamaweruka, amayi okolopa amanyamula onse atatu kupita nawo kuseri n'kukakhuthulira m'diramu limodzi, chifukwa lole yotenga zinyalala imabwera imodzi, ndipo ilibe zipinda.